Tinkamangidwa Ngati Matumba Opita ku Muloza

Lachiwiri, 5 Agosto

Anandigoneka dzulo masana, wodi ya amayi, bedi la pazenera. Ndikulemba nditagona chafufumimba, kope lili pa pilo, chifukwa adotolo andiletsa kukhala tsonga ndiponso kugona chagada. Kopeli wandipatsa ndi namwino Hélia. Akuti m'malo molongolola ndi khoma ndizilemba, odwala anzanga apumeko.

Ndiyambe ndi dzina, mwina lidzatoledwa ndi munthu wosandidziwa. Ndine Felizarda, wa ku Milange konkuno, woponya pezo. Pezo ndi mpira wachitsulo wa makilo atatu. Ife amene miyendo inatisiya timauponya titakhala pa mpando wachitsulo wautali. Yanga inandisiya pa msewu wa ku Molumbo, lole ya chimanga itagubuduzika ine ndili pamwamba pa matumba. Kuyambira m'chiuno kutsika sindimva kanthu, kaya ndi singano kaya ndi moto.

Chandibweretsa kuno ndi chilonda cha pa thako lamanzere. Ine sindinachionepo. Amene amachiona amangondifunsa ngati ndadya.

Masewera a dziko lonse a ife olumala ali pa 27 Setembro ku Beira, ndipo dzina langa lili m'gulu la chigawo chathu cha Zambezia. Amene adzaponye patali kumeneko adzamutenga ku timu ya dziko. Ndafunsa adotolo kuti ndituluka liti. Andiyankha za kutentha kwa thupi.

Lachitatu, 6 Agosto

Thupi 39,2 m'mawa. Malungo mulibe, ayeza kawiri. Magazi ndi ochepa. Andiika kapaipi pa mkono, jakisoni wa ceftriaxona kamodzi pa tsiku, mapiritsi a metronidazol katatu, ndi ofiira aja owonjezera magazi. M'kamwa mukumveka ngati ndatafuna msomali.

Amanditembenuza maola awiri aliwonse: chafufumimba, mbali yamanja, chafufumimba. Ine amene ndinkakweza ndekha thumba la chimanga pa lole.

Lachinayi, 7 Agosto

Adula mnofu wowola. Mankhwala ochititsa dzanzi sanafunike. Ndinkangomva lumo likulira kumbuyo kwanga ngati telala akudula nsalu ya munthu wina. Hélia wayeza: masentimita asanu ndi awiri m'litali, asanu m'lifupi, kuya kwake atatu. Azitsuka ndi madzi amchere, kulongamo gaze, kansalu ka pa mabala, kusintha m'mawa ndi madzulo.

Adotolo afunsa kuti chinayamba liti. Ndati mwezi wa Junho ndi pamene ndinayamba kuona timadzi pa kapulana, chitenje changa. Afunsa kuti ndinachitapo chiyani. Ndati ndinapinda kapulana kawiri n'kupitiriza kuponya. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Ndinafuna kuwafunsa kuti akanakhala iwo, Beira ili pafupi chonchi, akanatani, koma munthu amene wagwira lumo kumbuyo kwako suyambana naye.

Fungo lake ndikulidziwa bwino tsopano. Lili ngati madzi oviikamo chinangwa atakhalitsa, koma lotsekemera pang'ono. Ndi limene linandiulula kwa alamu anga pochapa, ndipo iwo sanandibisire.

Loweruka, 9 Agosto

Pa bedi loyandikana ndi langa pali mayi Constância a ku Molumbo. Shuga anawadya phazi. Amalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe, ndipo sagona masana, amangofunsa mafunso.

“Ndiye mwana wanga, chitsulocho mumagenda nacho chiyani?”

“Palibe, mayi. Timangoponya, n'kuyeza pamene chagwera.”

“Kenako?”

“Wina amakatola n'kundibwezera.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Anthu a pa vila inu,” anatero, kutanthauza ife a m'tauni. Kenako anandigawira kalongonda amene mwana wawo anabweretsa. Kudya uli chafufumimba ndi ntchito, msuzi umathera m'khosi mwa malaya.

Lamulungu, 10 Agosto

Abwera achimwene anga Gregório. Ndi owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ndipo mpando wanga woponyera anapanga ndi iwo, ndi mapaipi a bedi lakale ndi thabwa pamwamba. Sanakhale pansi. Anatulutsa m'thumba kamutu ka bawuti n'kukaika pa pilo wanga. Amanditcha mana, ndiye kuti chemwali, monga timachitira kuno.

“Mana, ndi ichi. Chinatumphuka pa thabwa, mbali yamanzere. Ndachidula. Ndakupha ndine.”

Ndawauza kuti wakufa salemba m'kope. Sanaseke. Munthu wamkulu, manja akuda ndi chitsulo, kumalira pamaso pa amayi a mu wodi. Ndinawachitira manyazi komanso chisoni.

Ndilembe za mpandowo, popeza ndikuusowa kuposa nyumba yanga. Lamulo la masewerawa ndi lakuti poponya thako lisanyamuke pa mpando. Likanyamuka, woyang'anira amakweza mbendera yofiira, akuti nulo, kuponya konseko kwapita pachabe. Chaka chatha ku Quelimane ndinaponya patali kuposa mkazi aliyense, mbendera yofiira. Ndinaponyanso, yofiira. Anzathu a m'mizinda ali ndi malamba ogula. Ife titabwerako tinachita zimene mwana aliyense wa ku Milange amadziwa: mphira za chubu cha njinga, zomangira matumba opita ku Muloza, pa malire. Mphunzitsi wathu, a Edmundo, anayendetsapo njinga za katundu, amadziwa kukoka mphira mpaka italira. Ziwiri pa ntchafu, ziwiri m'chiuno, kuzungulitsa pansi pa thabwa. Ngakhale chala sichilowa. Kuyambira pamenepo thako langa silinanyamukepo.

Lachiwiri, 12 Agosto

38,6. Ndasanza phala. Sindilemba.

Lachinayi, 14 Agosto

Anandijambula fupa. Adotolo akuti matenda sanalowe m'fupa, koma afika pakhomo. Akuti ndizidya mazira ndi nyemba kuti mnofu umere. Alamu abweretsa mazira awiri owiritsa ndi nandolo.

Masana abwera a Edmundo, chipewa m'manja. Anandibweretsera pezo yanga atakulunga m'jumbo, akuti ndiziigwira kuti dzanja lisaiwale. Hélia anaiona n'kunena kuti ikagwera munthu phazi aitaya m'chimbudzi. Ili pansi pa pilo, pamodzi ndi kamutu ka bawuti.

Potuluka ndi pamene a Edmundo ananena chimene anadzera. “Virgínia akukhalako pang'ono pa mpando wanu. Kungoti usachite dzimbiri.”

Virgínia ndi mtsikana wa ku Majaua, anabwera kwa ife chaka chino. TB ya msana inamusiya ngati ine, samva kuyambira m'chiuno. Amakhala kwa azakhali ake kuno ku vila kuti aziphunzira masewera. Mkono ali nawo, koma amaponya ngati akuthamangitsa nkhuku. Ndinayankha kuti palibe vuto. Mumtima munali vuto lalikulu.

Lolemba, 18 Agosto

Thupi lazizira, 37,1. Achotsa kapaipi ka pa mkono, tsopano ndi mapiritsi okha. Hélia akuti pansi pa chilonda payamba kufiira, ndiye kuti mnofu wamoyo. Ndamupempha kuti ajambule ndi foni yake ndione. Wakana kawiri, kachitatu wajambula.

Ndaona. Ndi dzenje loti mungalowe dzira la nkhuku. Ndamubwezera foni n'kumvetsa chifukwa chake anthu amandifunsa ngati ndadya.

Lachitatu, 20 Agosto

Masentimita asanu ndi limodzi kwa anayi. Likutsekeka. Ndawerenga pa zala masabata otsala ndipo ndadziuza kuti zitheka. Mayi Constância akuti andipempherera kwa Santa Rita, koma ndikapambana ndiwabweretsere nsomba za m'nyanja ya mchere, sanazilawepo.

Phazi lawo likununkha kuposa kale. Adotolo akufuna kudula, iwo akukana. Akuti kwawo kulibe msewu wa munthu wa mwendo umodzi.

Lamulungu, 24 Agosto

Kwaya ya ku parishi inabwera kudzaimba ku wodi ya abambo, anamwino onse anapita kukamvera. Ndinadzikoka ndi manja, ndinagwira chitsulo cha bedi, ndinakhala tsonga. Chizungulire chinandigwira, kenako chinatha. Ndinatenga pezo, kuiika pansi pa chibwano, kukankha m'mwamba osaitaya. Dzanja likukumbukira zonse. Phewa linalira ndi chisangalalo.

“Mwana wanga, si anakuletsa?” anatero mayi Constância.

“Pang'ono pokha, mayi.”

Ndinakhala mpaka kwaya itamaliza nyimbo zake zonse. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno ndinadzimva kuti ndine munthu osati mtolo.

Lolemba, 25 Agosto

Hélia atavundukula gaze sanandifunse ngati ndadya. Anangoti, “Munakhala.” Mnofu watsopano uja waphwanyika, m'mphepete mwada, mwatuluka magazi. Mayi Constância anayang'ana kudenga. Sanandinenere, koma sanandikanirenso.

Pezo aitengera ku ofesi ya anamwino.

Lachitatu, 27 Agosto

39 madzulo. Kapaipi kabwerera pa mkono. Adulanso.

Adotolo lero ayankha funso langa la tsiku loyamba lija. “Dona Felizarda, ku Beira simupita. Ulendo wa pa shapa, minibasi zathu zija, ndi masiku awiri mutakhala. Mukakhala choncho pa dzenje ili, matenda alowa m'fupa, kenako m'magazi. Mukafika, koma simudzabwerako.”

Ndinafunsa za chaka chamawa. Akuti tiyambe taona Dezembro.

Ndalira chafufumimba. Ubwino wake palibe amene amaona nkhope.

Lachisanu, 29 Agosto

Mayi Constância atisiya masana ano. Kuyambira dzulo thupi linali moto, ankaitana ana awo m'Chilomwe. Adotolo akuti matenda a pa phazi analowa m'magazi. Mawu omwewo amene anandiuza ine.

Mwana wawo anapinda kapulana zawo, anatenga poto, anandigwira pa phewa potuluka. Apukuta matiresi ndi mankhwala n'kukayanika panja. Ndikatembenuzidwira kumanja ndimayang'ana mawaya a bedi lopanda munthu.

Lachiwiri, 2 Setembro

Masiku atatu sindinalembe. Thupi 37,8.

Lero posintha gaze Hélia anandifunsa za mpando wanga. Ndinamuonetsa kamutu ka bawuti. Anakatembenuza m'manja n'kunena kuti kameneka kakanang'amba khungu lokha, koma dzenje langali linayambira mkati, pafupi ndi fupa, n'kumatulukira kunja.

“Mukamaphunzira mumakhala nthawi yaitali bwanji pa mpandopo?”

“Kuyambira tikadya masana mpaka dzuwa litapita kuseri kwa phiri.”

“Osatsika?”

Ndinaseka. Ndinamufotokozera kuti kundikweza ndi kundimanga ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo mphira zikamangidwa bwino suzimasula chisawawa. Umamangidwa kamodzi, umamasulidwa popita kunyumba. Ngakhale madzi timamwera pomwepo.

“Ndipo simudzinyamulako ndi manja, kuti magazi ayende?”

“Mana Hélia, mphira za a Edmundo ngakhale chala sichilowa.”

Ndinanena monyadira. Iye anasiya gaze n'kubwera kutsogolo kuti ndimuone nkhope. Akuti munthu wosamva ngati ine amayenera kudzinyamula kangapo pa ola lililonse. Mnofu ukapanikizika pakati pa fupa ndi thabwa, magazi safika, umafa mwakachetechete. Munthu wakumva amasuntha yekha osadziwa n'komwe. Ife tinadzimanga kuti tisasunthe.

Ndiye kuti achimwene analira pachabe. Si bawuti. Ndi mphira zathu zija, nzeru imene tinkaimbira m'manja.

Kenako ndinakumbukira amene akukhala pa mpandowo masana ano.

Lachisanu, 5 Setembro

Ndinatuma achimwene kwa a Edmundo kuti azimumasula Virgínia pafupipafupi ndipo asamakoke mphira kwambiri. Abwera ndi yankho. Akuti bawuti inachotsedwa, pa thabwa aikapo siponji, ndisade nkhawa. Akuti anayesa kumasula pang'ono, mtsikanayo akunyamuka poponya, ndipo kwatsala masabata atatu okha. Akutinso dzina lake alitumiza kale m'malo mwa langa, ndipo akuponya bwino tsiku ndi tsiku.

Achimwene anamaliza ndi mawu awoawo. “Mana, anthu angaganize kuti ndi nsanje.”

Ndawafunsa ngati iwonso akuganiza choncho. Anayamba kusenda nthochi.

Lolemba, 8 Setembro

Masentimita asanu ndi limodzi kwa anayi, pamene ndinali pa 20 Agosto. Zigongono zanga zayamba kusupuka chifukwa chotsamira polemba. Hélia waikapo thonje.

Lachitatu, 10 Setembro

Virgínia wabwera kudzandiona, azakhali ake akumukankha pa njinga yake ya olumala. Anabweretsa malalanje. Azakhali anapita kukaona wodwala wina, tinatsala awiri.

Wasintha. Mapewa akula, akuyang'ana munthu m'maso. Anandiuza kuti sanapitirirepo Mocuba chibadwire. Akuti atadwala bambo ake ankamusunga m'nyumba alendo akabwera, koma tsopano auza mudzi wonse wa ku Majaua kuti mwana wawo akupita ku Beira kukaimira Zambezia. Anandipempha malaya anga a timu, ake sanasokedwe. Anandifunsanso za chigongono, kuti chizikhala pati potulutsa pezo. Ndinamuonetsa ndili chafufumimba, iye anawerama kuti aone bwino.

Atawerama ndi pamene ndinalimva. Madzi a chinangwa okhalitsa, otsekemera pang'ono. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi langa, koma langa linatha masabata awiri apitawo. Ndinayang'ana pamene wakhala. Kapulana yopinda kawiri.

“Virgínia, chayamba liti?”

“Chiyani, mana?”

“Usandipusitse. Ine ndagona nalo fungo limenelo.”

Anayang'ana kukhomo, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu, dzanja la woponya. “Ndi kakang'ono, mana. Ndimakapukuta ndekha, ndimaona ndi kagalasi. Azakhali sakudziwa. Ndikangobwera ku Beira ndidzabwera ndekha kuno, ndikulumbira. Musanene. Inu nokha ndi amene mukudziwa kuti zimenezi ndi chiyani kwa munthu ngati ife.”

Ndinamuuza za mayi Constância. Anati iwo anali okalamba, a shuga. Ndinamuuza za masiku awiri a pa shapa. Anati aika pilo. Mayankho onse amene ndinali nawo ine mu Junho ali nawo, mwina ndi ena owonjezera.

Azakhali atabwera anamwetulira ngati palibe chachitika. Malaya ndamuuza akatenge kwa alamu.

Lachinayi, 11 Setembro

Sindinanene. Hélia anandifunsa chifukwa chake sindikudya, ndati m'mimba.

Lachisanu, 12 Setembro

Ndikayesa kuganiza bwino ndikupeza anthu awiri mwa ine. Wina akuti mtsikanayo afera pa msewu wa ku Beira kapena abwerako ndi dzenje lofika pa fupa. Wina akuti mpando ndi wanga, malaya ndi anga, malo ndi anga, asapite. Onse awiri akufuna chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikuchita mantha. Ndikanakonda woyamba yekhayo akanakhalapo.

Komanso mwina akhoza kupita, n'kuponya, n'kubwerako. Mwina n'kakang'onodi. Ine alamu atandiulula sindinawalankhule sabata yathunthu, ndipo mpaka pano mazira awo ndimadya mosathokoza.

37,2. Gaze wasinthidwa kawiri. Kunja kwayamba kutentha, fumbi likulowa pazenera.

Lolemba, 15 Setembro

Ndanena.

A Edmundo anabwera kudzatenga pezo yanga kuti apite nayo, akuti ya Virgínia ndi yokumbika. Hélia anaibweretsa kuchokera ku ofesi. Ali onse awiri pafupi ndi bedi langa ndinati, “Virgínia ali ndi chilonda ngati changa. Akuchibisa. Muyeseni asanakwere shapa.”

A Edmundo anakhala pa bedi la mayi Constância. “Mwachiona?”

“Ndachinunkhiza.”

“Dona Felizarda, mukudziwa kuti mukatero ku Milange sikuchoka mkazi ngakhale mmodzi? Ntchito yonse ija.”

Ndati ndikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akufufuza pa nkhope yanga chimene achimwene ananena chija. Sindikudziwa ngati anachipeza. Hélia anawauza kuti abwere naye mawa m'mawa, ndipo ngati palibe kanthu adotolo amulola apite.

Anatuluka ataiwala pezo. Ili pansi pa pilo wanga.

Nditanena, mtima unapepuka. Sindikudziwa kuti amene anapepukidwa ndi uti mwa awiri aja.

Lachiwiri, 16 Setembro

Amuyeza. Pakamwa pa chilonda ndi pang'ono, ngati chikhadabo, koma mkati muli mphako yolowa chala. Thupi lake 38,1, ankamwa paracetamol mobisa. Adotolo akana ulendo.

Ndinamumva ali ku chipinda choyezera. Sanali kulira ngati wodwala. Ankakuwa dzina langa.

Lachitatu, 17 Setembro

Amugoneka pa bedi la mayi Constância, popeza ndi lokhalo lopanda munthu. Chafufumimba, kapaipi pa mkono, ceftriaxona kamodzi pa tsiku. Nkhope analozetsa kukhoma.

Ndinati, “Virgínia.” Anadzifunda kapulana kumutu. Azakhali ake anaika malaya anga a timu pa bedi langa, opindidwa bwino, osandipatsa moni.

Loweruka, 20 Setembro

Bambo ake abwera pa njinga kuchokera ku Majaua. Munthu wamfupi, wa jekete la tchalitchi. Anakhala pafupi ndi mwana wawo. Ndinamva akufunsa chapansipansi, “Nanga anthu ndikawauza chiyani?” Potuluka anaima pa bedi langa n'kundifunsa mwaulemu ngati ndine mayi uja wa nsanje kapena ndi wina. Ndati ndine ndemwe.

Wodi yonse ikudziwa nkhaniyi. Ena akuti ndinachita bwino, ena amasiya kulankhula Hélia akamanditembenuzira kwa iwo.

Lolemba, 22 Setembro

Achimwene akuti a Edmundo adula mphira zonse n'kuzitaya, ndipo afunsa kwa wosoka nsapato ngati angapange malamba omasuka msanga. Mpando auika m'shedi mwa achimwene, pakati pa mageti osamaliza. Ndawabwezera kamutu ka bawuti, ndawauza kuti sanalakwe ndi iwo. Anakaponya m'thumba osasangalala. Ndikuona ngati kulakwa kwa munthu mmodzi kunali kopepuka kunyamula kusiyana ndi kwa tonse.

Changa masentimita asanu kwa atatu ndi theka.

Lachitatu, 24 Setembro

Gulu lanyamuka m'mawa uno, anyamata awiri othamanga osaona ndi owatsogolera awo, ndi a Edmundo. Sanabwere kudzatsanzika. Shapa za ku Mocuba zimadutsa kumusi kwa chipatala, ndipo iliyonse ikaliza hutala ndimaona msana wa Virgínia ukuuma.

Sanadye phala. Ndinamutumizira dzira limodzi kudzera kwa Hélia, labwerera.

Loweruka, 27 Setembro

Lero ndi tsiku lake. Sindikudziwa kuti akazi a pezo aponya nthawi yanji, ndipo palibe woti atiuze.

Hélia amatitembenuza nthawi imodzi kuti asamayende kawiri. Chilonda changa chili kumanzere, ndiye ndimagonera kumanja. Cha Virgínia chili kumanja, amagonera kumanzere. Choncho nthawi yogonera chammbali ikakwana, kufuna kusafuna, timayang'anizana. Masiku onsewa wakhala akutseka maso mpaka nthawi yotembenuzidwa itakwananso.

Masana ano sanatseke. Anandiyang'ana, maso ouma.

“Mana Felizarda.”

“Ndikumva.”

“Mukanakhala inu, kwatsala sabata imodzi, wina n'kukunenerani. Mukanamukhululukira?”

Ndinafuna kunama, koma mtsikanayu ndamulanda kale zokwanira.

“Ayi,” ndinatero.

“Ndiye musandidikire.”

Anatseka maso.

Madzulo Hélia wayeza tonse awiri. Cha Virgínia chayera, thupi 36,9, akuti pakatha masabata atatu akhoza kuyamba kukhala pang'onopang'ono. Atuluka ine ndisanatuluke, ndipo mpando uli m'shedi muja audziwa kale. Changa chikadali masentimita asanu.

Ndapempha Hélia kuti atenge pezo pansi pa pilo wanga aiike pansi pa bedi la Virgínia, mbali ya kukhoma, pamene dzanja lake lingafike. Waiika. Mpaka pano sinabwerere.